Mwasankhidwa Kupita ku Msonkhano Wapachaka wa Methodist? Umu Ndi M'mene Voti Imayendera

Chaka changa choyamba ku msonkhano wapachaka ndinakweza dzanja kukana chinthu chimene ndinkachifuna ndi mtima wonse. Linali tsiku lachiwiri, nthawi ya masana titangodya nsima, malata akuthetheka ndi dzuwa ndipo theka la holo likuwodzera. Nkhani inali yokweza ndalama imene seketi iliyonse, ndiye kuti gulu la mipingo yoyandikana yotumikiridwa pamodzi, imapereka ku likulu. Ine ndinabwera nditakonzeka kukana, chifukwa seketi yathu ndi yaing'ono ndipo anthu ake amaona ndalama pokhapokha akagulitsa mbewu. Mkati mwa mtsutsowo bambo wina anaimirira n'kupempha kuti awonjezere mawu oti maseketi aang'ono azipereka theka. Ine mawu amenewo anandidutsa, maganizo anali kwina. Nditamva a bishopu akuti "amene akukana akweze manja," ndinakweza langa msangamsanga. Mayi wina wachikulire amene tinakhala benchi limodzi anandikoka malaya n'kundinong'oneza kuti, "Mwana wanga, mwakana chiyani? Si zokuthandizani izi?" Owerenga anali atadutsa kale pa mzere wathu. Ganizo la bambo uja linagwa, mfundo yokweza ndalama inadutsa monga inalili, ndipo ine ndinabwerera kwathu ndi katundu amene ndinathandiza kumanga ndekha.

Malangizo awa ndikulembera munthu amene mpingo wake wamusankha kwa nthawi yoyamba. Ndikutsata dongosolo la United Methodist Church, mpingo umene unapangidwa ku Dallas mu 1968 pamene Methodist Church inaphatikizana ndi Evangelical United Brethren, ndipo kuno kwathu uli ndi msonkhano wake wotchedwa Malawi Provisional Annual Conference. Ngati mumapemphera ku Methodist ya ku South Africa kapena ya ku Britain, mayina ena ndi osiyana, kumeneko mudzamva za Synod ndi Conference, koma kayendedwe ka mfundo mpaka kufika pa voti n'kofanana ndithu.

Yambani ndi kudziwa kuti mukupita ngati ndani

Kumpingo kwanu azikutchulani nthumwi, koma buku la malamulo a mpingo, Book of Discipline, limakutchulani membala wa msonkhano. Kusiyana kwake kulipo. Wamthenga amanyamula mawu a amene amutuma n'kukawatula osasintha. Membala amamvetsera zimene zikukambidwa n'kuvota monga chikumbumtima chake chikumuuzira. Bwalo lalikulu la milandu la mpingo linagamula kalekale kuti mpingo wa pamalo sungalamule membala wake kuti akavote mwakutimwakuti. Mverani nkhawa za anthu a kwanu, zilembeni, kazifotokozeni. Koma dzanja ndi lanu.

Amene amakusankhani ndi charge conference, msonkhano wa mpingo kapena seketi yanu umene amautsogolera woyang'anira chigawo, uja timangoti a DS. Lamulo likufuna kuti mukhale mutakhala membala wa mpingo zaka ziwiri zapitazo ndiponso mutatenga nawo mbali m'zochitika zake kwa zaka zinayi. Funsani ngati anasankhanso wina wodzakulowerani m'malo mukadwala kapena kukagwa maliro. Ngati sanamusankhe pa msonkhano umenewo, simungangotumiza mlamu wanu ndi baji yanu.

Mu holo mudzapeza magulu awiri, abusa ndi akhristu wamba, ndipo lamulo likuti chiwerengero chawo chizilingana. Abusa opuma pantchito amakhalabe mamembala, choncho nthawi zambiri abusa amachuluka, ndipo msonkhano umawonjezera akhristu wamba ena kuti mbali ziwirizi zifanane. Palinso ena amene amalowa chifukwa cha maudindo awo, monga atsogoleri a amayi, a abambo ndi a achinyamata. Zimenezi sizinabwere zokha. John Wesley, woyambitsa Methodist, ataitanitsa msonkhano woyamba ku London mu Juni 1744 munali anthu khumi okha, abusa asanu ndi mmodzi ndi alaliki anayi, ndipo mawu omaliza anali a Wesley mwini. Ku America, mu Methodist Episcopal Church, akhristu wamba anayamba kukhala nawo mu General Conference, msonkhano waukulu wa mpingo wonse, mu 1872, ndipo mu 1888 amayi asanu amene anasankhidwa, mmodzi mwa iwo Frances Willard, anawabweza pakhomo. Mpando umene mukakhalepowo anthu anaulimbirana.

Mapepala awerengeni muli kunyumba

Masabata angapo msonkhano usanayambe mumayenera kulandira malipoti a makomiti, bajeti, mapempho ndi malamulo oyendetsera zokambirana. Masiku ano zambiri zimabwera pa WhatsApp kapena pa imelo. Zikachedwa, vutitsani a DS kapena mlembi wa msonkhano, musachite manyazi. Ngati mungathe sindikizani bajeti ndi mapempho okha, chifukwa kuwerenga manambala pa foni batire ikutha ndi chilango.

Powerenga lipoti, thamangirani kumapeto. Masamba oyamba amakhala othokoza ndi kufotokoza zimene komiti yachita, ndipo zimenezo msonkhano umangozilandira. Mano a lipoti ali pa mawu oti "tikupempha msonkhano kuti..." Apo ndi pamene mudzavote. Lembani mzere pansi pa pempho lililonse ndipo pambali pake yankhani mafunso atatu: achite ndani, ndi ndalama za ndani, pofika liti. Pempho limene silikuyankha mafunso amenewa likhoza kudutsa ndi manja onse koma chaka chamawa mudzalipeza lili pomwe munalisiya.

Kenako khalani pansi ndi abusa anu ndi msungichuma wa mpingo kwa ola limodzi. Msungichuma ndiye amadziwa ngati mpingo wanu unakwanitsa chopereka cha chaka chatha kapena muli ndi ngongole, ndipo ndi bwino muzimve kwa iye kusiyana n'kukazimva zikuwerengedwa pagulu.

Ngati inuyo muli ndi pempho loti mupititse ku msonkhano, fufuzani tsiku lomaliza kulandira mapempho. Msonkhano uliwonse uli ndi tsiku lake. Lobwera mochedwa nthawi zambiri limafuna chilolezo chapadera kuti lingomvedwa kokha.

Baji ndi malire a holo

Mukafika lembetsani dzina n'kutenga baji. Kawirikawiri baji za abusa, za akhristu wamba ndi za alendo zimasiyana mtundu kuti owerenga mavoti asavutike. Onetsetsani kuti akupatsani yoyenera.

Ena amaona ngati za baji ndi mwambo chabe. Mu 2019 ku St. Louis, pa General Conference yapadera, voti ina yokhudza njira yoti mipingo ichokere m'chipembedzochi inadutsa ndi mavoti 402 kwa 400. Pambuyo pake kafukufuku anapeza kuti anthu anayi amene sanali oyenera anavota pogwiritsa ntchito zizindikiro za nthumwi zimene sizinabwere. Kusiyana kunali mavoti awiri, olakwika anayi. Tangoganizani mkangano umene unatsatira. Choncho baji yanu musabwereke wina, ngakhale mukungothamangira kuchimbudzi.

Pa tsiku loyamba msonkhano umakhazikitsa malire, pa Chingerezi amati bar of the conference. Amanena kuti kuyambira mzere wakuti mpaka wakuti ndi malo a ovota. Amene ali kunja kwa malirewo nthawi ya voti sawerengedwa, ngakhale baji ili pachifuwa. Ndinaonapo anthu ataima pawindo akuyankha foni, akukweza manja ali panja, kenako n'kumadandaula kuti anawabera. Sanawabere.

Voti yoyamba imene ambiri amaigonera

Mukatha kuimba ndi kupemphera, mlembi amapempha kuti msonkhano uvomereze ajenda ndi malamulo a zokambirana. Anthu amakweza manja akucheza, poti zimaoneka zopanda kanthu. Komatu m'malamulo amenewa ndi mmene muli mphindi zimene munthu mmodzi angalankhule, chiwerengero cha olankhula mbali iliyonse, ndi kavotedwe. Misonkhano yambiri imatsamira pa Robert's Rules of Order, buku la kayendetsedwe ka zokambirana limene linatuluka koyamba mu 1876, pa zonse zimene malamulo awo sananene. Ngati mukuona kuti pakufunika womasulira kuti amene sadziwa Chingerezi amve asanavote, nthawi yopempha ndi imeneyi. Mukadikira mpaka mtsutso utatentha, kusintha lamulo kumafuna mavoti ochuluka, kawirikawiri magawo awiri mwa atatu.

Misonkhano ina imasonkhanitsa nkhani zosakayikitsa pa mndandanda umodzi, consent calendar, n'kuzivotera pamodzi popanda kukambirana. Zimapulumutsa nthawi. Koma uwerengeni mndandandawo, chifukwa nkhani yaikulu ikhoza kubisala pakati pa zazing'ono. Malamulo amanena njira yochotsera nkhani pamenepo kuti ikambidwe payokha, ndipo nthawi yake imakhala yochepa.

Ulendo wa mfundo

Apa ndiye pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ine ndinagwera.

Wapampando ndi a bishopu. Iwo si membala wa msonkhano ndipo savota. Ntchito yawo ndi kupereka mpata wolankhula, kusunga dongosolo ndi kulengeza zotsatira. Mukafuna kulankhula pitani pa maikolofoni kapena kwezani khadi, dikirani akuloleni. Yambani ndi dzina, seketi, chigawo, ndiponso ngati ndinu m'busa kapena mkhristu wamba. Mlembi amafuna zimenezi pa maminitsi. Lankhulani kwa wapampando, osati kwa munthu amene mukutsutsana naye. "A bishopu, ine sindikugwirizana ndi mfundoyi" ndi mawu ozizira kusiyana ndi kutembenukira mnzanu n'kumuloza chala.

Mfundo imabadwa munthu akanena kuti, "Ndikupereka mfundo yoti..." n'kutchula mawu ake enieni. Ilembeni papepala musanaimirire, ndipo kope lina mupatse mlembi. Wina ayenera kuisekonda. Popanda wosekonda imafera pomwepo. Mfundo yochokera ku komiti sifunika kusekondedwa. Ikasekondedwa wapampando amaibwereza, ndipo kuyambira pamenepo si yanunso, ndi ya msonkhano. Simungangoibweza m'thumba chifukwa mwaona kuti anthu akuipotoza.

Kenako mtsutso. Wapampando amasinthanitsa, wovomereza kenako wokana. Ngati muli ndi mphindi ziwiri kapena zitatu, musathere imodzi pa malonje. Tonse timalemekeza akuluakulu, koma belu likalira musanafike pa mfundo yanu, ulemu wokhawo suvota. Nenani mbali imene muli m'chiganizo choyamba, perekani chifukwa chimodzi chogwirika, khalani pansi. Munthu amene akuti "kwathu tili mabanja makumi atatu ndipo chopereka cha mwezi wa Januwale sichikwana ngakhale thiransipoti ya abusa" amamveka kuposa wolalikira.

Tsopano amendimenti, ganizo losintha mawu a mfundo. Wina akhoza kupempha kuchotsa mawu, kuwonjezera mawu, kapena kuika ena m'malo mwa amene alipo. Akasekondedwa, mfundo yaikulu imayamba yadikira. Zokambirana zonse zimakhala pa kusinthako, ndipo voti yotsatira ndi ya kusinthako basi. Winanso akhoza kupempha kusintha amendimentiyo, koma zimathera pamenepo, palibe yachitatu pamwamba pake. Povota mumayambira pamwamba kutsika, monga momwe mumatsitsira mapoto osanjikizana: kaye kusintha kwa kusintha, kenako kusintha koyamba, pomaliza mfundo yaikulu monga yakhalira tsopano.

Tiyerekeze kuti mfundo ikuti seketi iliyonse ipereke K500,000. Wina akuti tisinthe ikhale K400,000. Wachitatu akuti ayi, m'malo mwa K400,000 tiike K350,000. Voti yoyamba ndi ya K350,000. Ikagwa, mukuvota pa K400,000. Imeneyo ikadutsa, mfundo yaikulu tsopano ikuti K400,000, ndipo muyenera kuivoteranso yonse. Taonani apa: mukhoza kuvomera amendimenti n'kudzakana mfundo yaikulu. Palibe chinyengo pamenepo. Ngati mukudana ndi mfundo koma mukuona kuti idutsa, thandizani kuipeputsa kaye, kenako muikane. Izi ndi zimene ine sindinkadziwa tsiku lija.

Nthawi iliyonse mukasokonezeka, imirirani n'kufunsa kuti, "A bishopu, tikuvota pa chiyani? Tiwerengereni mawu ake." Ndi ufulu wanu, ndipo mudzamva anthu makumi awiri akupumira m'mwamba chifukwa nawonso anali atasochera. Safunsa anadya phula.

Pali zida zina zingapo zoyenera kuzidziwa. Mukhoza kupempha kuti nkhani ibwerere ku komiti ngati manambala ake sakumveka. Imeneyi ndi njira yabwino pamene holo yonse ikuyesa kulemba chiganizo chimodzi. Mukhoza kupempha kuti iimitsidwe mpaka nthawi yakutiyakuti. Wina akhoza kupempha kuti mtsutso utsekedwe tivote, koma kukuwa kuti "tivote, tivote" muli pampando sikutseka mtsutso. Pamafunika mfundo, wosekonda, ndi magawo awiri mwa atatu, chifukwa mukulanda ena mwayi wolankhula. Ine mfundo imeneyi ndimaikana ngati ndikuona kuti a kumidzi kapena achinyamata sanalankhulepo. Ngati dongosolo laphwanyidwa, nenani kuti "point of order" nthawi yomweyo, ngakhale wina ali pakati polankhula, koma musaigwiritse ntchito pofuna kungolowetsa maganizo anu pakhomo la kuseri. Ndipo ngati msonkhano wazindikira kuti unalakwitsa, nkhani ikhoza kubwezedwanso, koma wopempha ayenera kukhala mmodzi mwa amene anavotera mbali yopambana. Ogonja sangabwereze mlandu chifukwa choti zawawawa.

Werengani nambala musanakweze dzanja

Nkhani zambiri zimadutsa ndi mavoti opitirira theka la amene avota. Ngati avota anthu 120, pakufunika 61. Mavoti akalingana, 60 kwa 60, mfundo yagwa. Pamene pakufunika magawo awiri mwa atatu, pa anthu 120 omwewo pakufunika 80. Amene sanavote sawerengedwa mbali iliyonse, choncho kupinda manja si kukana. Mukungopatsa ena mphamvu yosankha m'malo mwanu.

Kavotedwe kamasiyana: ndi mawu, pokweza manja kapena makhadi, poimirira, pa pepala lachinsinsi, ndipo kumene zilipo, pa timakina. Voti ya mawu imakomera a mawu aakulu. Ngati a bishopu alengeza kuti "ovomera apambana" koma khutu lanu likukana, pemphani nthawi yomweyo kuti awerenge. Osadikira nkhani ina iyambe. Pa nkhani yoti anthu akuopa kuonedwa, monga yokhudza munthu amene ali mu holo momwemo, pemphani voti ya pa pepala. Tikudziwana, si onse amene angakweze dzanja kutsutsa a DS awo akuwayang'ana.

Powerenga, dzanja likhale m'mwamba mpaka wowerenga atadutsa mzere wanu. Mkono ukatopa sinthani, osatsitsa.

Mavoti amene si anu

Pali gawo la msonkhano limene abusa amakhala paokha, clergy session. Kumeneko amavota pa za kudzozedwa, khalidwe ndi umembala wa abusa anzawo. Akhristu wamba savota pa nkhanizi, kupatula ochepa amene ali mu bodi yoona za utumiki wodzozedwa. Kuti m'busa alandiridwe kukhala membala wathunthu pamafunika magawo atatu mwa anayi a mavoti, ndipo amafunsidwa mafunso akale a Wesley, kuphatikizapo lija loti kodi ali ndi ngongole yoti ingamuchititse manyazi pa ntchito yake. Ngati muli ndi dandaulo pa m'busa wina, maikolofoni a msonkhano si malo ake. Lili ndi njira yake yolembera kwa a DS kapena a bishopu.

Pakati pa abusa nawonso pali kusiyana. Amene adakali pa nthawi yoyesedwa ndiponso ma local pastor, abusa otumikira ndi chilolezo koma osadzozedwa, amavota pa nkhani zambiri monga bajeti ndi mapempho, koma savota pa kusintha malamulo aakulu a mpingo kapena pa kudzozedwa kwa anzawo. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, funsani mlembi pasadakhale kuti muli pa mndandanda uti, kusiyana n'kukachotsedwa pepala m'manja anthu akuona.

Kusankha opita ku General Conference

Izi sizichitika chaka chilichonse. General Conference imakumana kamodzi pa zaka zinayi. Yapitayi inali ku Charlotte mu 2024 ndipo inali ndi mipando ya nthumwi 862, yotsatira ikuyembekezeka ku Minneapolis mu 2028. Msonkhano wapachaka uliwonse, ngakhale waung'ono, umatumiza osachepera m'busa mmodzi ndi mkhristu wamba mmodzi. Abusa amasankha abusa, akhristu wamba amasankha akhristu wamba. Lamulo likuti mayina akhoza kutchulidwa pomwepo mu holo, ndipo wosankhidwa ayenera kupeza mavoti opitirira theka. N'chifukwa chake chisankhochi chimabwerezedwa kangapo mpaka wina atafika pa nambalayo, ndipo anthu amatopa. Musatuluke. Mavoti a kumapeto, holo itachepa, ndi amene amasankha olowa m'malo, ndipo pa nkhani ya ma visa tonse tikudziwa kuti wolowa m'malo akhoza kukhala amene akwere ndege.

Mverani bwino chiwerengero cha mayina oti mulembe. Ngati akuti dzina limodzi inu n'kulemba awiri, pepala lanu laonongeka.

Mawu amodzi pa chisankhochi, poti ena amachiona ngati mphoto ya ulendo wa ku America. Amene mukumutumayo akakhala masiku khumi akuwerenga mapempho mazanamazana ndi kuvota pa zinthu zimene zidzamange mpingo wonse. Africa University ya ku Old Mutare ku Zimbabwe, kumene ana ena a kuno aphunzira, inavomerezedwa ndi manja a nthumwi pa General Conference ya 1988. Sankhani munthu wowerenga, wosagona masana.

Kusintha malamulo aakulu a mpingo

Nthawi zina mudzalandira pepala la kusintha kwa Constitution ya mpingo. Kavotedwe kake n'kosiyana ndi kena konse. Kusinthako kumayamba kwadutsa ku General Conference ndi magawo awiri mwa atatu, kenako kumapita ku misonkhano yapachaka yonse ya padziko lapansi. Mukhoza kukambirana, koma simungasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Ndi inde kapena ayi. Ndipo chowerengedwa si kuti msonkhano wanu wavomera kapena wakana. Mavoti a munthu aliyense, wa ku Lilongwe, wa ku Manila, wa ku Texas, amathiridwa mu dengu limodzi, ndipo pamafunika magawo awiri mwa atatu a onsewo. Ndiye ngakhale mutakhala nokha mbali yanu mu holo yonse, voti yanu ikafika. Bungwe la mabishopu ndi limene limaphatikiza ndi kulengeza. Umu ndi m'mene inayendera nkhani yopatsa zigawo zikuluzikulu za mpingo padziko lapansi mphamvu zofanana, imene inadutsa ku Charlotte mu 2024 ndipo mabishopu analengeza mu Novembala 2025 kuti yavomerezedwa.

Apanso werengani mawu enieni. Kusintha kwina kochokera ku General Conference ya 2016, kokhudza kufanana kwa amayi ndi abambo, kunatumizidwa ku misonkhano kuli ndi chiganizo chimene nthumwi zinali zitachotsa kale. Dziko lonse linavota pa mawu olakwika, cholakwacho chinadziwika mu 2018, ndipo panafunika kuvotanso.

Bajeti, ndi malire a mphamvu zanu

Bajeti imabwera kuchokera ku khonsolo ya zachuma, ndipo kawirikawiri imavoteredwa chakumapeto, anthu atayamba kuganiza za mabasi. Vuto lake n'lakuti masiku oyamba timavomera chilichonse chokoma, nyumba ya abusa, msonkhano wa achinyamata, galimoto, osafunsa mtengo. Walira mvula walira matope. Chilichonse chimene mwavomera chidzabwera kwanu ngati chopereka chogawidwa ku maseketi. M'misonkhano yambiri mfundo yofuna ndalama zimene sizili mu bajeti imayenera kupita kaye ku khonsolo ya zachuma isanavoteredwe. Wina akaiwala, mukumbutseni. Funsaninso funso limene ambiri amaliopa: pa ndalama zimene tinavomera chaka chatha, zinalowa zingati? Bajeti yomangidwa pa malonjezo osakwaniritsidwa ndi yongosangalatsa maso. Pemphaninso lipoti la owerengera mabuku a chuma musanavomere bajeti yatsopano.

Dziwaninso kuti msonkhano wapachaka sungavote chilichonse chimene wafuna. Sungapange chigamulo chotsutsana ndi Book of Discipline, ndipo woyankhulira mpingo wonse ndi General Conference yokha. Ngati lamulo lina silikukukomerani, njira ndi kutumiza pempho kumeneko. Msonkhano wanu ungatumize, ndipo ngakhale inuyo panokha monga membala wa mpingo mungatumize.

Mukakhulupirira kuti zimene msonkhano wachita zaphwanya lamulo la mpingo, lembani funso lanu papepala n'kulipereka kwa a bishopu msonkhano uli mkati, ndipo likhale lokhudza nkhani imene yakambidwadi. Iwo amapereka chigamulo, ndipo chigamulocho chimakaunikidwa ndi bwalo la milandu la mpingo. Lalikulu kwambiri ndi Judicial Council, la anthu asanu ndi anayi. Kudandaula pansi pa mtengo msonkhano utatha sikulowa m'maminitsi.

Tsiku lomaliza ndi pobwerera

Chinthu chimene aliyense amadikira, mndandanda wa kumene abusa atumizidwa, sichivoteredwa. Amene amaika abusa ndi a bishopu atakambirana ndi ma DS, ndipo msonkhano umangomva. Amene anazolowera mipingo imene imadziitanira okha m'busa zimawadabwitsa, koma ndi momwe Methodist yakhalira kuyambira masiku a alaliki oyenda pa akavalo. Choncho musalonjeze anthu kwanu kuti "ndikavota kuti abusa athu asachoke."

Musananyamuke, lembani m'kope mwanu zinthu zimene zadutsa, zimene zagwa ndi zimene zabwezedwa ku komiti, pamodzi ndi manambala a mavoti pamene analengezedwa. Lembani makamaka ndalama imene seketi yanu ikuyenera kupereka ndi tsiku loyambira. Buku la maminitsi limatuluka patapita miyezi. Likafika, fananizani ndi kope lanu, ndipo mukapeza kusiyana lemberani mlembi.

Lamulo likupatsani miyezi itatu kuti mupereke lipoti ku khonsolo ya mpingo wanu, koma musadikire mpaka mwaiwala. Pemphani mphindi khumi Lamulungu loyamba kapena lachiwiri. Nenani zimene zinagamulidwa, kuphatikizapo zimene inuyo munazikana, ndipo muzinene monga chigamulo cha msonkhano wathu, osati "zimene anapanga iwo aja." Wina akafunsa kuti inu munavota bwanji, muuzeni. Ine chaka chija ndinaima kutsogolo n'kuulula kuti ndinakweza dzanja pa malo olakwika. Anthu anaseka, msungichuma sanaseke, ndipo chaka chotsatira anandituma ndi kope latsopano ndi mapensulo awiri.